Chigayo cha ku Lhota Yokhota

Ine Hedvika sukulu sindinapite nayo patali. Kalasi yachisanu ndinaikonda kwambiri moti ndinakhalamo zaka zitatu, mpaka aphunzitsi anandigwira chanza n'kundiuza kuti ng'ombe za kopaletivi zikundisowa. Choncho mukaona mawu ena atapindika m'nkhani ino musadabwe. Ngakhale mudzi wathu womwewu dzina lake ndi Lhota Yokhota, chifukwa msewu wake umapinda kanayi pozemba dziwe limodzi lokha.

Vuto langa ndi alamu anga, a Jarmila.

Ndinabadwira m'nyumba nambala 4, kumtunda kwa mudzi, imene aliyense amaitchula kuti kwa Dokowe. Kuno dzina la pachitupa ndi la dokotala ndi wa positi basi. Ife munthu timamuitana ndi dzina la nyumba imene akugonamo. Tsono achimwene anga, malemu Otakar, tsiku lina anapita kutauni kukagula nsapato n'kubwerako ndi mphunzitsi. Mkazi wa kutauniyo atangoponda pakhomo la amayi anga, anasanduka Mayi Dokowe. Ine ndinakwatiwa ndi malemu Evžen wa nyumba nambala 31, kumunsi m'mphepete mwa dziwe, kumene makoma amatuluka thukuta chaka chonse. Nyumba imeneyo amati kwa Chule. Zaka makumi asanu tsopano ndine Mayi Chule, ndipo inu mukudziwa chimene dokowe amadya.

Ngati kundilanda dzina sikunakwane, a Jarmila ndiwonso mlembi wa buku la mudzi. Ndi chibuku chachikuto chobiriwira, cholemera ngati kamwana ka nkhumba. Chaka ndi chaka amalembamo kuti matalala anagwa liti, wabadwa ndani, wamwalira ndani, basi inasiya liti kubwera Lamulungu. Zilembo zawo zimaima njo ngati asilikali. Ine ndikalemba dzina langa, amati nkhuku yadutsa pa pepala.

Chaka chino m'mwezi wa Malichi, mwana wawo Bohouš anaitanitsa msonkhano mu holo ya ozimitsa moto. Bohouš ndiye meya wathu. Tinamusankha chifukwa ndi yekhayo ali ndi thalakitala yochotsera chipale chofewa pamsewu.

"Amayi ali ndi nkhani yabwino," anatero.

A Jarmila anaimirira, magalasi pansonga ya mphuno. Anati apita katatu kuboma, kunyumba yosungiramo zikalata zakale, ndipo apezako kalata ya Chilatini ya chaka cha 1325. M'kalatamo mwinimalo wina wolemera anapereka kwa amonke "Lhota ya pansi pa phiri la Kozel, pamodzi ndi chigayo chake cha madzi."

"Ndiye kuti mudzi wathu ukukwanitsa zaka 700 chiulembereni papepala," anatero.

Anthu anaomba m'manja ngati iwowo ndiwo anaumanga mudziwo. Bohouš anayamba kulonjeza: phwando mu Sepitembala, bandi ya malipenga, mwala wachikumbutso, ndiponso kabuku kosindikizidwa ka mbiri ya nyumba iliyonse.

Ine ndinakweza dzanja. "Alamu, chigayo chake chiti?"

"Chimene tonse timachidziwa, alamu. Mabwinja aja a pamwamba pa khwawa. Kodi nonsenu simumati ku Chigayo?"

Madala awiri amene anakhala kumbuyo anatsamwidwa ndi mowa nthawi imodzi. Ndinawayang'ana, iwo n'kuyang'ana kudenga. Anali atamva kale kuti paphwandopo mowa udzakhala waulere.

Ndikuuzeni inu zimene a Jarmila sankadziwa. Kanyumba kamiyala kaja anamanga ndi agogo anga aamuna, ndipo sikanagayepo ngakhale njere imodzi ya tirigu. Ankatchezeramo kachasu wa zipatso za maplamu mobisa. Kuti apolisi asadziwe, amuna onse a m'mudzi ankati, "Ndikupita ku chigayo." Apolisi anasintha mayunifolomu kangapo, maboma anabwera n'kupita, mawuwo anatsala. A Jarmila atafika, mphunzitsi wosalawa dontho, amene ankapachika zithunzi za chiwindi chowola m'kalasi, panalibe amene anafuna kuwauza. Achimwene anga ankati akupita kukasamalira malo akale. Akabwerako akuimba, misozi ili mbwembwembwe, alamu anga ankati, "Otakar wanga mbiri yakale imamukhudza mtima."

Komanso munthu amene ali ndi maso aone kamtsinje kathu. Pofika mwezi wa Julaye nkhuku imawoloka osanyowetsa zala. Chigayo chenicheni chinali kuseri kwa phiri, ku Lhota Yonenepa, kumene mtsinje ndi mtsinjedi. Midzi yotchedwa Lhota m'dziko muno ndi yambiri ngati utitiri wa galu, ndipo iwiri mwa iyo ili pansi pa phiri limodzi lomweli, wina kuno wina uko.

Musandiyese woipa mtima. Poyamba ndinafuna kuwauza mwakachetechete. Ndinavala juzi yanga yabwino n'kukwera kumtunda kwa Dokowe. Ndinagogoda pachitseko chimene ndinaphunzirirapo kuyenda.

"Lowani, alamu. Mupukute mapazi."

Pamene panali chitofu cha amayi anga pali chimakina chonyezimira chimene chimalira ngati mphaka akafuna chakudya. Patebulo panali mapepala a kabuku kaja. Ndinapempha kuti andiwerengere, ndinati magalasi ndaiwala. Magalasi ndilibe, koma zilembo zing'onozing'ono zimandithawa.

Anayamba: "Mudzi wa Lhota Yokhota uli mamita 512 pamwamba pa nyanja yamchere, kumadzulo kwa phiri la Kozel. Pakati pake pamadutsa kamtsinje kopanda dzina..."

"Kopanda dzina? Kaja ndi Kamkodzo ka Kozel!"

"Zimenezo sizilembedwa m'buku, alamu."

"Nanga Dambo la Mkazi Wamasiye mwalemba? Chitsime chimene anagweramo wansembe ataledzera pa ubatizo wa Bohouš? Munda umene asilikali a ku Rasha anakwiriramo hatchi?"

"Ndalemba zimene zili ndi umboni wa papepala."

"Chabwino. Werengani za nyumba ino."

Anatembenuza tsamba. Anawerenga agogo, atate, Otakar. Kenako Jarmila, mphunzitsi ndi mlembi wa buku la mudzi. Kenako Bohouš, meya. Kenako anatseka pakamwa.

"Pitirizani," ndinatero.

"Zathera pomwepo."

"Nanga ine? Ndinabadwira kuseri kwa khomalo, pabedi limene mwaikapo maluwa anuwo. Mchombo wanga unagwera m'nyumba muno."

"Bukuli limatsata nyumba, alamu, osati mchombo. Inu muli ku nambala 31." Anafufuza tsambalo n'kuwerenga: "Kwa Chule. Nyumba yachinyezi. Mumakhala mkazi wa malemu Evžen."

Mkazi wa malemu Evžen! Ngakhale dzina loti Hedvika panalibe. Chinyezi anachitchula, ine ayi.

"Simungawonjezere kamzere kamodzi kokha? Kuti Hedvika, mwana wa kwa Dokowe?"

"Ndikachitira inu, aliyense wokwatiwa kwina adzafuna kamzere kake. Komanso tikupita nazo kosindikiza mawa. Munabwerera china, alamu?"

Mawu a chigayo anali atafika kale pamilomo. Ndinawameza ngati nthanga ya plamu.

"Ayi. Ndimangofuna kuona ngati maluwa anu akukula bwino pabedi langa."

Miyezi isanu ndi umodzi ndinasunga chinsinsicho, ndipo chinkanditenthetsa m'mimba kuposa supu. A Jarmila anawajambula m'nyuzipepala ya m'boma lathu ataima pa mabwinja aja, dzanja limodzi atagwira khoma ngati akupima mwana malungo. Ndinadula chithunzicho n'kuyala pansi pa mbale ya mphaka. Musitolo akazi ankangoti Mayi Dokowe apeza, Mayi Dokowe awerenga Chilatini, Mayi Dokowe ndi nzeru. Ine ndinkangomwetulira n'kumagula yisiti. Tsiku lina ndinalowa m'khola la nkhuku, n'kutulutsa kudenga chinthu chimene Otakar anandisungitsa pamene denga la kanyumba kaja linagwa: paipi ya mkuwa yopotanapotana ngati njoka yogona. Ndinaikwecha ndi viniga ndi mchere mpaka inawala.

Tsiku la phwando linafika, Loweruka lowala bwino. Akazi tinaphika timabanzi ta koláče mathireyi khumi ndi awiri, ena a jamu wa maplamu, ena a tchizi chotsekemera. Anga anatha msanga kuposa a a Jarmila, koma zimenezo palibe amene adzazilembe. Mwala uja anauimika pafupi ndi mabwinja, ataufunditsa nsalu yoyera. Anthu a ku Lhota Yonenepa anabweranso, meya wawo bambo Svatoš ali patsogolo ndi mimba yoyenerana ndi dzina la mudzi wawo. Bohouš anawaitana dala kuti adzaone kuti ife ndife akuluakulu.

Bandi inaimba. Bohouš analankhula mpaka ana anayamba kugenda achule. Kenako a Jarmila, atavala diresi ya buluu ndi mkanda wa amayi anga m'khosi, anaima pa chokuzira mawu. Mkanda umenewo amayi ankati udzakhala wanga.

"Pamalo pano," anatero, "zaka 700 zapitazo, gudumu la chigayo linkazungulira usana ndi usiku, kugaya tirigu wa amonke..."

Anakoka nsalu. Pamwalapo panalembedwa kuti LHOTA 1325. Anthu anaomba m'manja. Ndinadikira kuti phokoso lichepe, kenako ndinaimirira ndi chikwama changa.

"Alamu! Pepani, ine ndine mbuli. Gudumulo linkazungulira ndi madzi ati?"

"Azakhali, khalani pansi," Bohouš ananong'ona, koma ananong'onera pa chokuzira mawu moti mudzi wonse unamva.

"Ndikungofunsa, mwana wa achimwene. Madzi ake ndi awa?" Ndinaloza kukhwawa. Munali galu wa a Svatoš, atagona pamiyala youma gwa, akuwothera dzuwa.

Anthu anayamba kuseka pang'onopang'ono.

"Kalelo madzi anali ambiri," a Jarmila anayankha.

"Anali ambiridi, ndipo anali ndi mphamvu! Tambula imodzi yokha inkazunguza munthu wamkulu, osati gudumu." Ndinatulutsa paipi ija n'kuikweza m'mwamba. Inang'anima padzuwa. "Gudumu la chigayo chathu ndi ili. Achikulire inu kumbuyoko, mukulidziwa kapena simukulidziwa?"

Madala awiri aja anali atamwa kale mowa wawo waulere, choncho analibenso chifukwa chosungira chinsinsi. Mmodzi anavula chipewa n'kuika pamtima.

"Iii, paipi ya a Dokowe akale! Ine tirigu wanga woyamba ndinagayitsa pomwepo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndinabwerera kunyumba chokwawa."

Ndinapita pakhomo la mabwinjawo, n'kupala ndere pamwala wapamwamba ndi supuni ya jamu. Panatuluka manambala amene agogo anagoba ndi msomali. "Ine kuwerenga kumandivuta. Bohouš, tawerengera anthu."

Bohouš anayandikira. "1911," anatero ndi mawu a munthu amene wameza ntchentche.

Pamenepo bambo Svatoš anadzuka pabenchi, akupukuta jamu pandevu. "Kalatayo ikuti Lhota ya pansi pa Kozel yokhala ndi chigayo? Abale, mphero yake ili pabwalo la tchalitchi kwathu, ana amakhalira podya mabanzi. Ndiye kuti zaka 700 ndi zathu! Mayi Dokowe, zikomo kwambiri. Ife kuboma kuja timachita ulesi kupitako."

Mudzi wa Lhota Yonenepa unaseka mpaka mabenchi kugwedera. Ine ndinayang'ana alamu anga. Nkhope yawo inali yoyera ngati nsalu imene anali atagwirabe m'manja. Ndinadikira kuti mtima wanga uvine. Unavinadi, koma kanthawi kochepa kwambiri, kosakwana kudya kabanzi kamodzi.

A Jarmila anapinda nsalu ija bwinobwino, mbali ndi mbali, n'kubwerera pa chokuzira mawu.

"Ndalakwitsa," anatero. "Kalatayo si yathu. Pepala lotsatira limene limatchula mudzi uno mosakayikitsa ndi la 1654, ndipo limati nyumba zitatu, imodzi yopanda munthu, mbuzi ziwiri." Anavula magalasi. "Zaka makumi asanu ndi ziwiri ndakhala pakati panu. Ana anu ndinawaphunzitsa kulemba. Mwamuna wanga ankapita ku chigayo Loweruka lililonse, ine n'kumamukonzera mkate woti akadye posamalira malo akale. Nonse munkadziwa. Panalibe ndi mmodzi yemwe wondikokera pambali." Kenako anandiyang'ana. "Mumati ndinakulandani nyumba, alamu. Ine ndinapeza makoma okha. Za m'kati mwake munapita nazo kumunsi, ndipo tsiku lililonse ndinkakuonani musitolo mukuseka ndi anthu nkhani zimene ine sindidzazimva."

Kenako mayi wina anayamba kuomba m'manja, ndipo onse anatsatira. Anawaombera m'manja kuposa poyamba paja! Akazi anathamanga kukawakumbatira, ena akulira, akuti munthu woona mtima ngati uyu kulibe. Ine ndinatsala ndekha pakati pa bwalo ndi paipi m'manja ngati wokonza mipope amene palibe wamuitana. Taonani mkazi ameneyu! Ngakhale kugwa kumene amagwa mokongola kuposa ine.

Phwando silinaime, chifukwa soseji zinali zitapsa kale. Koma chakumadzulo dzuwa lisanalowe, a Svatoš anabweretsa ngolo. Pamwala paja sipanalembedwe kuti Yokhota kapena Yonenepa, choncho anangounyamula amuna asanu ndi mmodzi n'kupita nawo kuseri kwa phiri, bandi yathu yomwe ikuwaimbira.

"Mwakondwa, azakhali?" Bohouš anandifunsa. "M'mawa uno tinali ndi zaka 700. Tsopano tidikire zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi kuti tidzadye za 400."

"Udzandisungire soseji," ndinamuyankha.

Sabata yonse musitolo anthu sankandipatsa moni. Wina anandiikira chule wamoyo m'bokosi la makalata. Ndinamusunga, ali m'munda mwanga, ndinamutcha Svatoš.

Lolemba linalo m'mawa ndikusenda mbatata, ndinamva kugogoda. Anali a Jarmila, chibuku chobiriwira chija atachikumbatira pachifuwa. Chikwatiwireni ine sanalowepo m'nyumba mwanga kupatula pamaliro.

"Lowani, alamu," ndinatero. "Mupukute mapazi."

Anapukutadi. Anayang'ana khoma langa lotuluka thukuta n'kuyala nyuzipepala patebulo asanaikepo bukulo.

"Sindinabwere kudzacheza. Ndiyenera kukonza cholakwa m'buku. Papepala palibe umboni wa kanyumba kaja, ndiye lamulo lake ndi lakuti ndilembe dzina la amene wandiuza, ndi chifukwa chake akudziwa."

"Ndikudziwa chifukwa ndinabadwira kwa Dokowe."

Anaimitsa cholembera m'mwamba.

"Simungalembe kuti mkazi wa malemu Evžen," ndinatero. "Evžen kachasu ankangomwa, kutcheza sankadziwa. Nanga anthu a m'tsogolo adzati Chule anazidziwa bwanji za m'nyumba ya Dokowe?"

"Ndikudziwa, alamu. Ndaganiza zimenezo sabata yonse, ndipo njira ina ndaisowa."

Analemba pang'onopang'ono, asilikali awo aja akufola pamzere. Atatha ndinawauza kuti andiwerengere.

"M'chaka cha 2025 mudzi uno unachepetsedwa ndi zaka 329, chifukwa cha umboni wa Hedvika, mwana wa kwa Dokowe, amene akanatha kunena mu Malichi koma anadikira Sepitembala."

"Kumapetoko n'kofunika?"

"Ndi mbiri, alamu."

Ndinawauza kuti awerengenso pakati pokha, pamene pali dzina langa. Anawerenga. Ndinawauzanso kachitatu, n'kunamizira kuti khutu lakumanzere likuvuta.

Kenako anatsegula tsamba latsopano. "Tsopano paipi ija. Agogo anu anaigula kuti? Maplamu ankathyola m'munda wa ndani? Ndipo Otakar..." Anakonza magalasi. "Otakar ankaimba nyimbo yanji kumeneko? Pofika kunyumba mawu ankakhala atasokonekera."

Ndinawaimbira. Ndime yachiwiri anakana kulemba. Tinakhala mpaka mbatata zanga zinada m'mbale. Za hatchi ya Arasha analemba. Za wansembe wa m'chitsime anati aganizira kaye. Kamtsinje kathu analemba kuti Kam., kadontho, ka Kozel, ati enawo owerenga adzamalize okha.

Atanyamuka ndinawapempha kuti ndione masambawo ndi maso anga. Kuwerenga kumandivuta, koma kuwerengera mizere ndimatha. Ine ndili ndi mizere itatu. Paipi ya agogo ili ndi tsamba lathunthu ndi theka, ndi chojambula chake chomwe. Ndipo pansi pa tsamba lililonse, langa lomwe, pali dzina la mlembi, Jarmila wa kwa Dokowe, lokhala ndi kamchira kopiringizika.

Ndinawaperekeza mpaka pageti.

"Lolemba likubwerali ndibweranso," anatero. "Mundiuze za Dambo la Mkazi Wamasiye."

"Mudzabwere mutavala mkanda wa amayi uja," ndinayankha. "Nawonso uli ndi mbiri yake, ndipo umboni ndili nawo."